Msonkho Wolipira ndi Thupi

Usiku wa pa 1 Disembala 1969 mabanja ambiri a ku America anatchera khutu pa wailesi, ena maso ali pa TV, kudikira mayere. Sanali mayere opata ndalama. M'chimtsuko chagalasi munali timakapusozi 366, kalikonse kali ndi kapepala kolembedwa tsiku limodzi la pa chaka. Loyamba kutuluka linali 14 Sepitembala. Mnyamata aliyense wobadwa pa tsikuli pakati pa 1944 ndi 1950 anapatsidwa nambala 1, kutanthauza kuti ndiye woyamba kuitanidwa ku usilikali nkhondo ya ku Vietnam ili mkati. Chaka chotsatira boma linaitana anthu mpaka nambala 195. Amene anagwera kuseri kwa nambala imeneyi anapuma mpweya wabwino n'kupitiriza sukulu, ntchito ndi zibwenzi zawo.

Boma linafika pochita mayere chifukwa njira yakale inali itanunkha. Wophunzira ku koleji ankaloledwa kuyamba wadikira, ndipo wodziwana ndi dokotala sankasowa kalata yonena kuti bondo kapena msana wake suli bwino. Mwana wa munthu wamba ndiye ankakwera ndege. Mayere anabwera kuti achotse tsankho limeneli, koma nawonso anatuluka ndi chilema: akatswiri a masamu atawerengetsera anapeza kuti timakapusozi sitinasakanizidwe bwino, moti obadwa kumapeto kwa chaka, makamaka mu Disembala, ndiwo anachuluka pa manambala oyambirira. Ngakhale mwayi weniweniwo unakondera.

Nkhani yonse ya usilikali wokakamiza m'dziko la demokalase yagona pamenepa. Anthu amakonda kutsutsana ngati boma lili ndi ufulu wokakamiza nzika kunyamula mfuti, koma funso limenelo malamulo anayankha kalekale. Pangano la bungwe la International Labour Organization la mu 1930 loletsa ntchito yokakamiza linapatula usilikali, n'kunena kuti umenewo suwerengedwa m'gulu la ntchito zoletsedwazo. Pangano la United Nations la mu 1966 la ufulu wa nzika ndi wandale linachitanso chimodzimodzi. Pamene pamavuta ndi pena: ngati si onse amene akupita, akupita ndani? Nanga amene wakana, boma limutani?

Kukakamiza anthu kupita ku nkhondo n'kwakale ngati mafumu enieniwo. Chimene chinali chatsopano ku France mu Ogasiti 1793 ndi chifukwa chimene boma linapereka. Mfumu inali itadulidwa mutu mu Januwale chaka chomwecho, mafumu oyandikana nawo atazinga dzikolo, ndipo boma latsopano linalamula kuti mtundu wonse udzuke: anyamata ku nkhondo, amuna apabanja kukasula zida, akazi kukasoka matenti ndi kusamala ovulala. Ganizo lake linali lakuti dziko tsopano si la mfumu, ndi lanu, ndiye mulitchinjirize nokha. Mu 1798 analemba lamulo lokhazikika, ndipo Napoleon analigwiritsa ntchito kusonkhanitsa magulu ankhondo aakulu moti mayiko ena a ku Ulaya anaona kuti akapanda kutengera, amezedwa.

Kuyambira pamenepo voti ndi mfuti zinayamba kuyendera limodzi, ngati malonda osinthana. Boma likatenga thupi la munthu, munthuyo amafunsa kuti nanga mawu anga ali kuti. Ku Britain, lamulo la zisankho la mu 1918 linalola asilikali amene anamenya nawo nkhondo yoyamba ya dziko lonse kuvota ali ndi zaka 19, pamene amuna ena ankayembekeza kufika 21. Lamulo lomwelo linalanda voti kwa zaka zisanu ambiri mwa amene anakana usilikali chifukwa cha chikumbumtima. Ku America zaka zoyambira kuvota zinatsika kufika pa 18 mu 1971, ndipo chimene chinakankha kwambiri ndi manyazi otumiza ku Vietnam anyamata amene sankaloledwa kusankha atsogoleri owatumawo.

Nanga n'chifukwa chiyani boma losankhidwa ndi anthu lingafune chinthu chosakondedwa chotere? Chifukwa choyamba ndi chiwerengero, ndipo Finland ndiye chitsanzo chomveka. Dzikoli lili ndi anthu osakwana 6 miliyoni koma limagawana malire a makilomita oposa 1,300 ndi Russia, ndipo linamenyana kale ndi Soviet Union kuyambira mu 1939. Silingathe kulipira asilikali aganyu okwanira kulondera malire onsewo. Choncho mwamuna aliyense amaitanidwa akakwanitsa zaka 18, n'kuphunzira usilikali kwa masiku 165, 255 kapena 347 malinga ndi ntchito imene wapatsidwa, kenako n'kubwerera kwawo. Phindu lenileni silili pa anyamata amene ali ku kampu chaka chino ayi. Lili pa aphunzitsi, madalaivala ndi akalaliki amene anadutsamo kale, amene dzina lawo lili m'kaundula ndipo amadziwa gulu lawo. Nkhondo itabuka, Finland ikhoza kuimika asilikali 280,000. Nkhanga zinapangana kusanapse, ndipo a ku Finland sanaleke kupangana ngakhale pamene mayiko ambiri a ku Ulaya ankati nkhondo zinatha.

Chifukwa chachiwiri chimene chimatchulidwa n'chakuti usilikali wokakamiza ndi wotchipa. Apa m'pofunika kuima pang'ono, chifukwa kutchipa kwake n'kwa m'mabuku a boma mokha. Taganizirani mnyamata amene akanagwira ntchito ya malipiro abwino, kapena kumaliza maphunziro chaka chimodzi msanga, koma boma lamutenga n'kumamupatsa ndalama yongogulira sopo. Kusiyana kwa zimene akanapeza ndi zimene akulandirazo sikunasowe. Walipira ndi iyeyo. Ndi msonkho, kungoti sudutsa ku ofesi ya msonkho, ndipo umagwera gulu limodzi lokha, anyamata athanzi a msinkhu umodzi, m'malo mogawidwa kwa onse amene akutetezedwa. Katswiri wa zachuma Milton Friedman anaimba nyimbo imeneyi kwa zaka zambiri, ndipo anali m'komiti imene Pulezidenti Richard Nixon anakhazikitsa, yomwe mu 1970 inalangiza kuti America ikhale ndi asilikali olowa mwa kufuna kwawo. Mkulu wa asilikali William Westmoreland atauza komitiyo kuti sakufuna kutsogolera gulu la omenyera ndalama, Friedman anamufunsa ngati angakonde kutsogolera akapolo. Mu 1973 kuitana anthu mokakamiza kunatha, ngakhale kuyambira 1980 mnyamata aliyense wa ku America amayenerabe kukhala m'kaundula akakwanitsa zaka 18.

Msonkho umenewu sumathera pa tsiku lovula yunifomu. Mayere a mu 1969 aja anasanduka chida chofufuzira, popeza anagawa anyamata ofanana m'magulu awiri mosayang'ana nkhope. Katswiri wa zachuma Joshua Angrist, amene pambuyo pake analandira mphoto ya Nobel, anayerekezera malipiro a magulu awiriwa ndipo mu 1990 anapeza kuti azungu amene anapita ku usilikali ankalandira ndalama zochepera ndi pafupifupi 15 peresenti poyerekeza ndi anzawo, patapita zaka pafupifupi khumi atabwerako. Pali vuto linanso limene akuluakulu a asilikali okha amalidziwa bwino: chinthu chaulere chimasakazidwa. Mkulu amene amalandira anyamata atsopano chaka chilichonse popanda kuwalipira mokwanira sadandaula kuwatuma kusesa, kupenta miyala ndi kudikira dzuwa kuti lilowe.

Koma mbali inayo ilinso ndi mfundo imene sindingaipeputse. Gulu lankhondo la anthu aganyu okhaokha likhoza kukhala mtundu wapadera m'kati mwa mtundu, lokhala kumakampu kwake, lokwatirana lokhalokha, lomvera akuluakulu ake kuposa Nyumba ya Malamulo. West Germany inali itaona zotsatira za zimenezi, ndiye pamene inkayambitsa usilikali wokakamiza mu 1956 inkati msilikali ndi nzika yovala yunifomu, yokhala ndi ufulu wake ndiponso yoyenera kukana lamulo loipa. Mfundoyi inaoneka poyera ku Algeria mu Epulo 1961. Akuluakulu anayi a asilikali a France anaukira boma lawo pokana kuti Algeria ipatsidwe ufulu. Pulezidenti Charles de Gaulle analankhula ku mtundu wonse, ndipo anyamata oitanidwa mokakamiza, amene anali ochuluka m'gululo, anamumva pa timawailesi tawo ta m'manja n'kukana kutsatira oukirawo. M'masiku anayi chiwembu chinazilala. Anyamatawo sanali ngwazi zapadera. Ankangofuna kubwerera kwawo, ndipo mitima yawo inali ku boma limene makolo awo anasankha.

Tisakokomeze komabe. Ku Argentina kunali usilikali wokakamiza pamene asilikali analanda boma mu 1976, ndipo sunawaletse. Boma la tsankho la ku South Africa linkaitana anyamata achizungu mpaka 1993 kuti akatchinjirize ulamuliro womana anthu ambiri voti. Ku Eritrea ntchito imene pa pepala ndi ya miyezi 18 inasanduka yopanda malire, ndipo achinyamata ambiri athawa m'dzikomo chifukwa cha iyo. Kuitana aliyense sikupanga dziko kukhala la demokalase. Kumangotenga mtundu wa boma limene lilipo kale. Nazonso zoti usilikali umaphunzitsa achinyamata mwambo, zimene okalamba a m'mayiko ambiri amakonda kunena akaona anyamata akungoyendayenda, ndimazikayikira. Gulu lankhondo si sukulu yowongolera ana a anthu, ndipo akuluakulu ake ambiri safuna n'komwe ntchito imeneyo.

Tibwerere ku funso la amene akupita. Palibe dziko limene linatengapo aliyense. Nthawi zonse pamakhala khomo lakumbuyo, ndipo ukafuna kudziwa amene ali ndi mphamvu m'dziko, uyang'ane amene akutulukira pakhomo limenelo. Pa nkhondo yapachiweniweni ya ku America, lamulo la mu 1863 linalola munthu kulipira madola 300 kapena kupeza wina womulowera m'malo. Kwa wantchito wamba imeneyo inali ndalama ya miyezi yambirimbiri. Mu Julayi chaka chomwecho mzinda wa New York unayaka ndi zipolowe zotsutsa lamuloli kwa masiku anayi, anthu oposa 100 anafa, ndipo mkwiyo wa osauka achizungu unathera pa anthu akuda amene analibe mlandu uliwonse.

Masiku ano khomolo silitsegulidwa ndi ndalama poyera, koma lilipo. Ku Israel amuna amatumikira zaka pafupifupi zitatu ndipo akazi ziwiri. Dziko litangobadwa mu 1948, nduna yaikulu David Ben-Gurion analola ophunzira pafupifupi 400 a m'sukulu zachipembedzo za Ayuda osunga mwambo kwambiri, otchedwa Haredi, kuti asapite ku usilikali. Anthu 400 sanali nkhani. Koma mabanja a Haredi amabereka ana ambiri, ndipo pofika 2024 opatulidwawo anali atadutsa 60,000, zipani zawo zili ndi mipando yokwanira kugwetsa boma la mgwirizano. Mu Juni 2024, nkhondo ya ku Gaza ili mkati ndipo ena akuitanidwa kachiwiri ndi kachitatu, khoti lalikulu linagamula kuti palibe lamulo lolola kupatula kumeneku. Apa demokalase ikudziluma yokha: mavoti omwewo amene amapatsa boma mphamvu yoitana anthu ndi amenenso amagulira gulu lina ufulu wosapita.

Ku South Korea khomo lake ndi lopapatiza koma limakangana anthu chimodzimodzi. Mwamuna aliyense wathanzi amatumikira miyezi 18 ngati ali m'gulu la pamtunda, 20 la pamadzi, 21 la mumlengalenga. Wopata mendulo ku Olimpiki kapena mendulo yagolide ku masewera a mayiko a ku Asia amakhululukidwa, n'kungochita maphunziro a masabata ochepa. N'chifukwa chake fainolo ya mpira ya mu 2018, imene South Korea inagonjetsa Japan, inali yoposa mpira kwa wosewera wotchuka Son Heung-min ndi anzake. Oimba a gulu la BTS, ngakhale anabweretsera dziko lawo ndalama ndi mbiri, sanakhululukidwe. Wamkulu mwa iwo analowa usilikali mu Disembala 2022. Chifukwa chomveka chosiyanitsira wogoletsa chigoli ndi woimba n'chovuta kuchipeza.

Khomo lalikulu koposa onse ndi limene anthu analizolowera mpaka kuleka kuliona: m'mayiko ambiri theka la nzika, akazi, sankaitanidwa. Norway inasintha zimenezi mu 2015, Sweden inatsatira, ndipo Denmark inayamba kuika akazi m'mayere mu Julayi 2025. Chodabwitsa n'chakuti kuwonjezera akazi kunakulitsa vuto la kusankha, chifukwa oyenera kuitanidwa anachuluka kawiri pamene malo ku kampu ndi omwe aja. Sweden inaimitsa usilikali wokakamiza mu 2010, n'kuubwezeretsa mu 2017 itaona kuti odzipereka okha sakukwana. Gulu loyamba linali la anthu pafupifupi 4,000 mwa achinyamata oposa 90,000 a msinkhu umenewo. Onse amayankha mafunso, ochepa amayesedwa, ndipo boma limatenga amene ali athanzi ndiponso ofunitsitsa. Ku Norway zafika poti kusankhidwa ndi chinthu chonyadira chimene munthu amalemba pofunsira ntchito. Njirayi ndi yanzeru pa nthawi ya mtendere. Koma lamulo lokakamiza lili pompo, ndipo tsiku limene boma lidzafune anthu ochuluka kuposa ofuna, amene adzatengedwe asakufuna adzafunsa chifukwa chake mnzawo wa m'kalasi watsala.

Wina anganene kuti nkhani yovuta chonchi aipereke kwa anthu, avote. Zinachitikapo. Australia inafunsa anthu ake kawiri, mu 1916 ndi mu 1917, ngati boma lingatumize amuna ku nkhondo ya kunja mokakamiza, ndipo kawiri konse anakana. Canada inafunsa mu 1942: dziko lonse linavomera koma chigawo cha Quebec, cha olankhula Chifalansa, chinakana mwamphamvu, ndipo chilondacho chinatenga nthawi kupola. Mu 2013 anthu a ku Austria anasankha kusunga usilikali wokakamiza ndi mavoti pafupifupi 60 peresenti, a ku Switzerland ndi 73 peresenti. Referendamu yotere ili ndi chilema chimodzi chimene sichichoka. Ovota ambiri ndi anthu amene kalata yoitanira ku usilikali sidzawapeza, ndipo ambiri mwa amene idzawapeze sanafike msinkhu wovota. Agogo amavotera thupi la mdzukulu. Si chifukwa chothetsera voti, koma n'chifukwa chokwanira choti malamulo aike malire pa zimene ambiri angalamule ochepa.

Malire oonekera kwambiri ndi a munthu amene akuti chikumbumtima changa sichindilola kupha. Britain itayamba kuitana amuna mu 1916 inalola munthu kukadziwiringula pamaso pa bwalo, ndipo pafupifupi 16,000 anatero. Mabwalo ambiri ankawanyoza, ndipo ena anathera m'ndende. Muhammad Ali anakana kulowa usilikali mu Epulo 1967 ku Houston, analandidwa lamba wake wa nkhonya, anagamulidwa zaka zisanu, ndipo anataya zaka zoposa zitatu za mphamvu zake khoti lalikulu lisanafafanize chigamulocho mu 1971. West Germany inalemba ufulu wokana m'malamulo oyendetsera dziko mu 1949, isanakhale n'komwe ndi gulu lankhondo. Okanawo ankagwira ntchito m'zipatala ndi m'nyumba zosamalira okalamba, ndipo anachuluka mpaka pamene Germany inkaimitsa usilikali wokakamiza mu 2011, ena mwa odandaula kwambiri anali oyendetsa zipatalazo.

Boma limaopa chinthu chimodzi apa: khomo la chikumbumtima likakhala lofewa, aliyense adzapeza chikumbumtima. Choncho limalemetsa ntchito ya m'malo mwa usilikali kuti wonama agwe ulesi. Ku Switzerland imatalika kamodzi ndi theka, ndipo mwamuna amene sanachite iliyonse mwa ziwirizi amalipira msonkho wapadera wa 3 peresenti ya ndalama zimene amapeza. Kulemetsa kukapyola, kumasanduka chilango. South Korea inatsekera m'ndende anthu oposa 19,000 okana usilikali m'zaka pafupifupi 70, ambiri a iwo a Mboni za Yehova, mpaka makhoti ake anagamula mu 2018 kuti pakhale njira ina. Njirayo itabwera mu 2020 inali iyi: miyezi 36, kuwirikiza kawiri nthawi ya msilikali wa pamtunda, akugwira ntchito ndi kugona m'malo a ndende. Munthu salinso mkaidi, koma adiresi yake ndi yomwe ija.

Nkhondo ya mawu pakati pa mayiko a kumadzulo ndi Soviet Union itatha, mayiko ambiri a ku Ulaya anasiya kuitana anthu. France inalengeza mu 1996 ndipo omaliza anatuluka mu 2001. Spain, Italy ndi Poland anatsatira. Zida zamakono zimafuna munthu wophunzira zaka zingapo, ndipo nkhondo zimene ankayembekezera zinali za kutali, kumene n'kovuta kutumiza mwana wa munthu asakufuna. Russia italanda Crimea mu 2014 mphepo inatembenuka. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko: Lithuania inabwezeretsa mu 2015, Latvia mu 2023, ndipo Taiwan, poyang'ana China, inatalikitsa nthawi kuchoka pa miyezi inayi kufika chaka chathunthu kuyambira mu Januwale 2024. Obwezeretsawo akupeza kuti kusiya n'kosavuta kusiyana ndi kuyambiranso, popeza makampu anagulitsidwa, aphunzitsi a usilikali anapuma, ndipo maofesi osunga kaundula anatsekedwa.

Ukraine ndiye ikuonetsa mmene mafunso onsewa amakhalira nkhondo ikafika pakhomo. Mu Febuluwale 2022, Russia italowa m'dzikomo ndi nkhondo, boma linaletsa amuna a zaka 18 mpaka 60 kutuluka m'dziko. Miyezi yoyambirira anthu ankaima pamizere kudzipereka okha. Patapita zaka ziwiri ofunawo anali atapita kale, ambiri atafa kapena kuvulala, ndipo pa intaneti panadzaza mavidiyo a amuna akukokeredwa m'maminibasi ndi olemba usilikali. Mu Ogasiti 2023 Pulezidenti Volodymyr Zelensky anachotsa akuluakulu onse a maofesi olemba usilikali m'zigawo chifukwa cha ziphuphu: madola 300 a mu 1863 aja anali atabwerera, tsopano mobisa. Dzikoli linasankha kusunga anyamata ake aang'ono, popeza ana obadwa Soviet Union itagwa ndi ochepa, choncho m'ngalande zankhondo munadzaza abambo a zaka za m'ma 40. Chisankho cha pulezidenti chimene chikanachitika mu 2024 sichinachitike chifukwa malamulo salola kuvota pa nthawi ya ulamuliro wa nkhondo, ndiye otumidwawo alibe mpata wofunsa owatuma kudzera m'bokosi la voti.

Mu Epulo 2024 zaka zoyambira kuitanidwa ku nkhondo zinatsitsidwa kuchoka pa 27 kufika pa 25, ndipo aphungu anakambirana lamulo latsopano lolembera asilikali. M'bilu yake munali ndime imene akazi ndi amayi a asilikali ankaiyembekezera, yolola munthu kubwerera kunyumba akatumikira miyezi 36. Akuluakulu a asilikali anapempha kuti ichotsedwe chifukwa panalibe olowa m'malo mwa obwererawo. Lamulolo linadutsa pa 11 Epulo ndimeyo mulibe.